Manja Otentha

Chilengezo chinabwera Lamlungu, pakati pa cha maliro ndi cha msonkhano wa amayi. Wolengeza wa kutchalitchi kwathu ndi mdala womasulira Chingelezi mmene wachipezera, ndiye anatiuza nkhope ili gwa kuti kumalo ophunzitsira ntchito zamanja, kuseri kwa msika wa paboma, kwafika makina, ndipo ayamba kuphunzitsa anthu "kuponya miphika pa wilo". Anthu anafa nalo phwete. Mayi wina kumbuyo kwanga anafunsa ngati miphikayo tiziponyera amuna athu, chifukwa ngati zili choncho iye alembetsa lero lomwe. Ine ndinaseka nawo pang'ono. Lolemba m'mawa ndinapita kukalembetsa.

Ndinali nditangopuma pa ntchito ya ukalaliki imene ndinagwira pa boma la Lundazi kuyambira utsikana wanga. Ana anali atakula n'kubalalika, wina ku Chipata, wina ku Lusaka, ndipo bambo awo anali atatisiya kalekale. Anthu akandifunsa chimene ndalembetsera, ndinkati ndikufuna chochita. Zinali zoona pang'ono. Chifukwa chenicheni chinali chakuti ine ndine mwana wa woumba mbiya, koma dongo ndinali ndisanaligwirenso chiyambire ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Amayi anga ndiwo anandiletsa, ndipo mawu amene ananena pondiletsawo anali asanawabweze.

Mphunzitsi anali mwamuna wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, wolankhula Chinyanja cha m'tauni, manja ali mbuu ndi dongo louma. Anandionetsa makinawo. Pansi pali gudumu lolemera la simenti limene umakankha ndi phazi, pamwamba pali kambale kachitsulo kozungulira limodzi ndi gudumulo. Magetsi safunika, ndipo amene anaganiza zimenezo amaidziwa Lundazi. Anatapa dongo lodzaza dzanja, n'kulimenyetsa pakati pa kambaleko, n'kunyowetsa zala, n'kuyamba kukankha. Ndisanakhazikike bwino pa benchi, kapu inali itamera pakati pa manja ake. Liwiro limenelo linandinyansa pang'ono. Amayi anga mtsuko umodzi ankakhala nawo m'mawa wonse.

"Mami, pobwela muvale zovala zamene simuzifunanso," anatero. "Mphete muchose, kumutu mumange duku." Kenako anayang'ana manja anga n'kumwetulira. "Na izo zikhadabo, mami, zifunika kupita. Wilo silifuna sitayilo."

Zikhadabo zanga zinali zazitali, zopaka zofiira, ndipo zinali choncho zaka zonse za ku ofesi. Ndinkataipa nazo, ndinkachapa nazo, ndinalera nazo ana. Anzanga ankati ndi kunyada, ine osatsutsa. Koma ndikapita kumudzi ndinkaonetsetsa kuti ndapaka zatsopano, kuti amayi aone kuti manja amene anawakana aja apeza ntchito ina yosafuna matope. Sananenepo kanthu za izo ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa akanandinyoza.

Dongo limene anaitanitsa a pamalopo linali lochepa, choncho mphunzitsi anapempha kuti aliyense wodziwa mtapo, dzenje lokumbamo dongo loumbira, abwere ndi lake. "Koma musankhe bwino," anatero. "Kamwala kamodzi chabe kazakuchekani chala pa wilo, ndipo ku moto kang'amba mphika." Ndinamuuza kuti zimenezo ndinazimva iye asanabadwe. Anaseka, poganiza kuti ndikuchita nthabwala.

Dongo ndikanatha kulipeza pafupi. Kuli amayi oumba mbaula kunja kwa boma, akanandigawira. Koma ndinalongedza kachikwama, ndinatenga thumba la feteleza lopanda kanthu, n'kukwera galimoto ya ku Magodi. Ndisaname, kumeneko sindinkapitira dongo lokha. Amayi anali atakalamba kwambiri, ndipo ndinkafuna kuti asanamwalire anene ndi pakamwa pawo kuti mbiya zimene zinasweka ndili mtsikana zija sindinaziswe ndine. Mlandu suola.

Amayi anga ndi Mchewa, wochokera kummawa kwa boma. Anakwatiwa ku Magodi, kwa anthu a ng'ombe olankhula Chitumbuka, ndipo kumeneko mkazi amatengedwa kukakhala kwa mwamuna. Atate anapereka ng'ombe, ndipo alongo awo a atate, amene tinkawatcha ankhazi, sankalola kuti amayi aiwale ng'ombezo. Chimene chinkawapatsa ulemu amayi pamudzipo chinali dongo basi. Mitsuko yawo inkaziziritsa madzi, miphika yawo inkalira bwino ukaigogoda ndi chala, ndipo anthu ankabwera ndi njinga kuchokera midzi ya kutali kudzasinthanitsa ndi chimanga kapena mtedza.

Ntchito ya dongo kwathu ili ndi lamulo lake. Pali anthu otentha ndi anthu ozizira. Wotentha ndi amene wakhala malo amodzi ndi mwamuna kapena mkazi. Wozizira ndi mwana amene sadziwa zimenezo, kapena nkhalamba imene inazisiya. Wotentha sapita ku mtapo, sagwira mbiya yaiwisi, chifukwa akatero mbiyayo imasweka pa moto. Amayi akayamba kuumba ankayala mphasa yawoyawo mpaka ataotcha. Ine, pokhala wozizira, ndinali wothandiza wawo. Kuumba kwenikweni anali asanandiphunzitse, koma ankandipatsa ntchito yolemba makaka, timizere tokongoletsa, m'khosi mwa mbiya ndi kamtengo kosongoka. Ndinali ndi kalembedwe kanga, timizere titatu topendekera kenako kadontho, ndipo ndinkanyada nako kwambiri.

Chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi zisanu, mwana wa ankhazi ankakwatiwa, ndipo amayi anauzidwa kuti aumbe mbiya za mowa ndi miphika yoti mkwatibwi apite nayo. Nthawi inali yochepa. Anaumba, ine ndinalemba m'khosi, zinauma. Tsiku lootcha amayi a pamudzi anasonkhana kuseri kwa khola, nkhuni ndi makungwa zitaunjikidwa pamwamba pa mbiyazo. Moto utagwira, tinamva phuu! Kenako inanso. Titapalasa phulusa, zamoyo zinali zowerengeka. Zina zinali zitang'aluka kuyambira kukamwa mpaka pansi, zina zitabooka m'mimba.

Ankhazi sanakweze mawu. Anangofunsa kuti kodi ku Uchewa amaumba chonchi. Amayi anayang'ana mapalewo kanthawi, kenako anati, "Dongo langa silinama. Pali wotentha wagwilapo." Anatembenuka n'kuyang'ana ine. "Manja ako ni otentha. Usazagwilenso dongo langa."

Panali pomwe mawuwo akanatera. Masiku angapo m'mbuyomo ndinali nditaponda chitsa pochokera kusukulu, ndipo mlangizi wa thonje, bambo wamkulu wa banja lake, anandikweza pa keliyala ya njinga mpaka pa mjigo. Amayi otunga madzi anaona. Palibe china chimene chinachitika, koma mbiya zitasweka, njinga ija inasanduka umboni. Akuluakulu anandiika m'nyumba n'kundifunsa tsiku lathunthu. Ndikakana ankati ndine wouma mutu, ndikalira ankati ndi manyazi a wolakwa. Kuyambira pamenepo sindinkaloledwa kuthira mchere m'ndiwo, ndipo amayi a makanda ankatembenuka ndikafuna kunyamula mwana. Mvula isanagwe, amayi ananditumiza kwa amalume ku boma kuti ndikapitirize sukulu kumeneko.

Kunena mwachilungamo, mbiya zimenezo ndizo zinandiphunzitsa. Anzanga amene anatsala kumudzi anakwatiwa asanamalize sukulu, ine ndinafika mpaka pa desiki la mu ofesi. Ndakhala ndikudziuza zimenezi kambirimbiri, ndipo ndi zoona, koma sizichotsa kanthu. Amayi ndinkawayendera chaka ndi chaka, ndinawamangira nyumba ya malata, ndinkawatumizira sopo ndi shuga. Nkhani ya mbiya sitinaikhudzepo. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo wanga anali atakhala pa mkhate weniweni.

Unali mwezi wa Juni, kukolola kutatha. Galimoto inandisiya pamsewu waukulu, ndipo njinga yamoto inanditengera njira ya kumudzi, kudutsa m'minda momwe ng'ombe zinali kudya mapesi. M'zigafa munali mutatsala fungo la fodya. Pakhomo ndinapeza mlamu wanga, mkazi wa mlongo wanga, amene amasamala amayi, akuthothola mtedza. "Monile, mulamu, mwafika makola?" anandilonjera, n'kundilandira chikwama. Thumba la feteleza analiyang'ana, osafunsa.

Amayi anali pakhonde akuothera dzuwa lomaliza. Anali atachepa. Zala zawo zinali zitapindika, mfundo zake zitatupa, ndipo kuumba anasiya kale, pamene ndowa za pulasitiki zinadzaza m'misika ndi pamene manja anayamba kuwakana. Titalonjerana ndi kufunsana za ana, ndinawauza za makina aja. Ndinafotokoza za gudumu, za kambale kozungulira, za kapu yomera pakati pa zala.

"Mphika uzungulila wokha?" anafunsa.

"Inde, amama. Munthu angokhala pansi."

"Ulesi," anatero. "Ine wilo langa linali phale." Ankanena zoona. Ankaumbira pa phale la mphika wakale, n'kumalitembenuza ndi dzanja pang'onopang'ono. Anafunsanso kuti wophunzitsayo ndi mkazi wa kuti. Nditawauza kuti ndi mwamuna, anaseka mpaka kutsokomola.

Ndinadikira kuti chifuwa chidekhe, kenako ndinati, "Amama, nabwela kupempha dongo la ku mtapo wanu."

Anandiyang'ana kumaso, kenako m'manja, kenako kubwalo kumene nkhuku zinali kulowa m'khola. Ndinali nditakonzekera kukanidwa. Ndinali ndi mayankho anga okonzeka, ena mwa iwo akale kuposa ana anga.

"Ungapite," anatero. "Mwamuna ulibe, ukulu wafika. Lomba wazizila."

Sindinakonzekere zimenezo. Dongo anandipatsa, koma anandipatsa ngati nkhalamba inzawo, ngati munthu amene anatentha kale n'kupola. Mlandu unali pomwe unali. Ndinakwiya kwambiri. "Ninali wozizila na kale, amama," ndinatero. Iwo anaitana mlamu n'kumufunsa ngati mbuzi zonse zalowa.

M'mawa mwake tinapita ku mtapo. Ndinawauza kuti angondilozera njira, koma anakana, ati ndikakumba dothi la njerwa n'kukachititsa manyazi dzina lawo ku boma. Anayenda ndi ndodo, tikupuma pafupipafupi. Mtapowo uli m'mphepete mwa dambo, pansi pa gombe la kamtsinje kouma, ndipo unali utamera udzu chifukwa palibenso amene amakumbako. Amayi anakhala pa chulu n'kumalamula. Dothi la pamwamba ndichotse. Lofiira ndisiye. Ndikumbe mpaka ndipeze lotuwa, lonyezimira likadulidwa ndi khasu.

Nditalipeza ndinagwada n'kulitapa ndi manja. Ndinkaganiza kuti ndimva china chake chachikulu, poti ndinadikira nthawi yaitali chotere. Linali lozizira, lolemera, lonunkha dambo, basi. Linalowa m'zikhadabo zonse, ndipo chimodzi chinathyoka pakati. Amayi anaona ndili kuchiyamwa chala. "Izo nyanga zako," anatero, "uzaumba nazo kapena uzalimila?" Aka kanali koyamba kuti azitchule. Ndinayankha kuti ndikadula ndikabwerera kwanga. Ndinasenza thumba pamutu, khosi likudandaula, poti linazolowera mafailo.

Masana tinakhala pansi pa mtengo wa mango kusankha dongolo. Ntchito yake ndi yotopetsa. Umatsina pang'ono, n'kulifinya pakati pa zala, n'kuchotsa mizu ndi timiyala, kenako n'kuika mbali ina. Amayi zala sizinkawalola kufinya, koma ankatenga limene ndasankha kale, n'kulipsinja ndi chikhatho pa bondo, n'kundibwezera. "Muli mwala umu." Ndipo unalimo. Anandibwezera kambirimbiri mpaka ndinayamba kuganiza kuti akuchitira dala. Mlamu anatibweretsera mbatata yootcha n'kubwerera ku mtedza wake.

Titamaliza, amayi anati dongo lokhalokha silipirira moto, lifunika kusakaniza ndi mapale osinja. Ndinawauza kuti mphunzitsi akufuna losalala, lopanda zokanda m'manja. Anati ndisinje kwambiri ndi kusefa ndi sefa ya ufa, ndipo mnyamatayo akadandaula abwere adzawafunse iwo. Vuto linali lakuti pamudzi panalibenso mapale. Miphika yonse inali ya chitsulo.

"Katenge lija la nkhuku," anatero.

Kuseri kwa nkhokwe kunali phale lomwera nkhuku, lokwiririka pang'ono m'dothi kuti lisagubuduke. Ndinali nditaliona maulendo onse amene ndinabwera kumudzi, monga mmene munthu amaonera mtondo kapena chitsa, osaliyang'ana. Ndinataya madzi, n'kulizula, n'kulitsuka ndi mchenga kuti ndere zichoke. Linali chidutswa cha mbiya yaikulu, mbali ya phewa ndi khosi. M'khosimo munali timizere titatu topendekera, kenako kadontho, kenako timizere titatu. Ndinakhala kaye pansi pomwepo, kuseri kwa nkhokwe, nkhuku zikundizungulira kufuna madzi awo.

Sindinadziwe choganiza. Mwina analisunga chifukwa phale ndi phale, ndipo nkhuku zimafuna madzi. Amayi anga sataya chinthu. Ndinalinyamula, ndinatenga mwala wosinjira, n'kubwerera pansi pa mango. Ndinaliika pansi n'kukweza mwalawo.

"Ima," anatero. "Bweletsa kuno."

Analiika pamiyendo, n'kulitembenuza kuti mbali yosweka iyang'ane kumwamba. Maso awo saona bwino, koma sanafufuze. Chala chawo chopindikacho chinapita molunjika pamalo amodzi m'mphepete mwa mng'alu, n'kuima. Ndinawerama. Munali kamwala koyera, kochepa ngati njere ya mapira, kokhazikika m'kati mwa dongo lopsalo, ndipo mng'alu unayambira pomwepo n'kupita mbali ziwiri. Anandiuza kuti ndibweretse mpeni. Anakolokosa kamwalako mpaka kanagwera pa chitenje chawo, n'kukatola, n'kukaika m'dzanja langa.

"Dongo la chaka chija n'nasankha nekha," anatero. "N'nafulumila."

Ndinadikira. Mbuzi inalira kudambo. Mlamu anali atasiya kuthothola mtedza, kenako anayambiranso mwaphokoso kuti tidziwe kuti sakumvetsera.

"Munadziwa liti, amama?"

"Tsiku lomwe lija. Popalasa phulusa."

Ndinafunsa chifukwa chake, ngakhale kuti ndinkachidziwa. Ndinkafuna ndichimve. Anayankha akuyang'ana phale, mawu ali phee ngati akunena za mtengo wa mchere. "Ine n'nali mtengwa. Akanati dongo lanikana, n'kanapita kwathu, imwe ana n'kusala kuno. Iwe unali magazi ao. N'nati iwe sangakuthamangitse."

"Koma ninapita."

"Unapita," anavomera. "N'nakutumiza ine. Sin'nathe kukuona uli kudya ndiwo zako pambali."

Pepani sananene. Anthu a msinkhu wawo mawu amenewo amauza munthu amene wapunthwa kapena amene waferedwa, osati mwana wawo. Anandibwezera phale n'kunena kuti dzuwa likupita, ndisinje. Ndinasinja. Timizere tanga tinasweka limodzi ndi zonse, ndinasefa, ndinathira m'dongo, ndinaponda ndi kukanda mpaka mapewa anawawa. Akulu amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Kwathu zinayenda chobwerera, ndipo ndinaganiza zimenezo nthawi yonse imene ndinkakanda. Mkwiyo sunathe. Unangosintha malo, poti tsopano ndinkaona mayi wamng'ono kuposa mmene ndiliri ine lero, ataima pa phulusa pakati pa azilamu ake, akusankha chimene angataye. Kamwala kaja ndinakamanga pa ngodya ya chitenje. Sindinadziwe chochita nako, ndipo mpaka lero kali m'kabati.

Zoona zake ndinali nditazimva, komabe china chinatsala. Anavomera za mwala, anavomera za kufulumira. Za manja anga sananene kanthu. Mawu a dzulo lake, akuti tsopano ndazizira, anali chiimire. Ndinadziuza kuti nkhalamba usaifinye kwambiri, chimene yatulutsa n'chomwecho. Mako ndi mako. Ndinakulunga dongo m'masamba a nthochi, n'kuliika m'thumba kuti lisaume, ndipo mlamu anatuma uthenga kwa wa njinga yamoto kuti adzanditenge m'mawa.

Kunacha ndi chisanu cha Juni, chija cholowa m'mafupa. Ndinasamba kumaso ndi madzi a mu ndowa, ndinamanga katundu, ndinavala juzi. Amayi anali atatuluka kale, atakhala pa mphasa pakhonde, atafunda bulangete. Pambali pawo panali lezala latsopano, likadali m'kapepala kake. Ndinamva pambuyo pake kuti anatuma mlamu ku kantini kusanache bwino.

"Khala apa," anatero. "Ungapite kwa mwamuna uja na nyanga izo, azati kwanu kulibe akulu."

Ndinawauza kuti kunyumba ndili ndi chodulira chabwino, ndiponso kuti ndi maso awowo andidula chala. Sanandimvere. Ndinakhala pa mphasa. Anagwira dzanja langa lamanja, n'kuliika pa bondo lawo, monga ankachitira ndili mwana Loweruka madzulo. Anayamba ndi chala chachikulu. Lezala linkanjenjemera, koma linkadziwa njira. Zidutswa zofiira zinkagwera pa bulangete, ndipo nkhuku ina inabwera kudzajompha chimodzi n'kuchilavula. Ndinkayang'ana kumsewu, kumene njinga yamoto inali itayamba kumveka chapatali.

Atafika pa chala chaching'ono anaima. Anafumbata dzanja langa lonse m'manja mwawo awiri, n'kulitembenuza, n'kulisisita pachikhatho ndi chala chawo chachikulu, monga ankayesera dongo.

"Manja ozizila awa," anatero.

"Ni mphepo, amama. Nasamba madzi a mu ndowa."

"Iyayi," anatero, osakweza mutu. "Chibadwile chako ali tele."

Wa njinga yamoto anaima pabwalo n'kuliza hutala. Mlamu anamuuza kuti adikire. Ndinawapatsa dzanja linalo.